Chikhodzodzo chikuwawa koma mkodzo ulibe tizilombo: njira iti ingathandize, iti ingokutherani ndalama?

Kuno ku Kasungu kuli odwala amene kabuku kawo ka kuchipatala kamatha masamba ndi vuto limodzi lomwelo. Tsamba ili alemba UTI, kutanthauza tizilombo m'njira ya mkodzo, ndi mankhwala opha tizilombo a cipro. Mwezi wamawa UTI, doxy. Kenako Flagyl, kenako jakisoni. Mkodzo akauyeza, kawirikawiri sapezamo kanthu. Koma munthuyo pachinena pakumutentha, masana okha akukodza ka 15, usiku akudzuka ka 4 kapena ka 5, ndipo akakwera minibasi ku Nkhamenya kupita pa Boma amakhala chete atapana miyendo, kuchita manyazi kupempha kondakitala kuti aimenso. Chikhodzodzo chikamadzaza ululu umakula, akakodza umatsikako, pakangopita kanthawi wayambanso. Ambiri ndi amayi, koma abambo aliponso, ndipo iwo amachedwa kwambiri kunena.

Madokotala amalitchula vutoli kuti interstitial cystitis kapena bladder pain syndrome. Bungwe la madokotala a njira ya mkodzo la ku America limati vutoli liganiziridwe ngati ululu kapena kulemera kwa pachikhodzodzo kwapitirira milungu 6 popanda tizilombo kapena chifukwa china chooneka. Nthawi zambiri limayenda ndi linzake la m'matumbo limene amati IBS: m'mimba kupotokola, lero kudzimbidwa, mawa kutsegula, akaunika osapeza chilonda. Buku la mayina a matenda la bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limene linayamba kugwira ntchito mu 2022 limawerenga ululu wosatha wa ziwalo za m'kati ngati matenda paokha. Choncho amene akukuuzani kuti mukungodzipangitsa sakudziwa zimene akunena.

Chimandipweteka mtima n'chakuti ndalama za anthu zikuthera pa njira imene singathandize, pamene njira zothandizako zili pafupi, zina zosalira ngakhale tambala. Koma kuti tiziyerekeze bwino, tiyambe taona chimene chikuchitika m'thupimo.

Nkhawa imafika bwanji pachikhodzodzo

Munthu akaopsezedwa, kachigawo ka ubongo kotchedwa hypothalamus kamatulutsa homoni ya CRH. Homoniyi imadzutsa kachiwalo ka pituitary, uthenga n'kutsika mpaka ku tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso, timene timathira cortisol m'magazi. Adrenaline imakwera, mtima umagunda mofulumira, minofu imakungika. Pa ngozi ya kanthawi zimenezi n'zopulumutsa moyo. Koma CRH yomweyo imagwiranso ntchito m'kachigawo ka m'munsi mwa ubongo kamene kamalamula kukodza, ndipo imafulumizitsa matumbo aakulu. N'chifukwa chake mwana wa Sitandade 8 amathamangira kuchimbudzi kawiri katatu belu la mayeso lisanalire. Iye mayeso akatha zatha. Mayi amene ali ndi ngongole ya katapila, mwana wodwala ndi mwamuna wobwera ataledzera, mantha ake amagona nawo ndi kudzuka nawo miyezi ndi miyezi.

M'khoma la chikhodzodzo ndi la matumbo muli maselo otchedwa mast cells, amene amakhala moyandikana ndi nsonga za mitsempha yomva ululu. CRH ikawafika amatulutsa histamine, imene ija imatupitsa ndi kuyabwitsa khungu njuchi ikaluma. Mitsempha ikanyanyuka imatulutsa substance P, imene imabwerera kukadzutsa maselo omwewo. Kwa odwala ena, kakhungu koterera kokuta m'kati mwa chikhodzodzo kamakhalanso kofooka, moti potassium wa mumkodzo amalowerera n'kukakhudza mitsempha.

Koma vuto lalikulu lili mumsana ndi muubongo. Mu 1983, Clifford Woolf, akugwira ntchito ku London, anaonetsa kuti uthenga wa ululu ukamafika mobwerezabwereza, maselo a mumsana amene amaulandira amasintha, n'kuyamba kukuza ngakhale uthenga wochepa. Ubongo uli ndi njira yake yotsitsira uthengawo, yodalira timadzi tonyamula uthenga m'mitsempha totchedwa serotonin ndi noradrenaline, koma kusagona, mantha osatha ndi kukhumudwa zimaifooketsa. Zili ngati galu wa pakhomo pamene panafika akuba usiku wina: akubawo anapita kalekale, koma iye akuuwabe tsamba la mango likagwera pamalata, ndipo kutuluka ndi zibonga kukasaka akuba kutchire sikumutontholetsa. Chikhodzodzo cha munthu wamkulu chimasunga mamililita 400 mpaka 500 popanda vuto, koma cha wodwalayu chimayamba kuwawa muli theka la kapu.

Mitsempha ya chikhodzodzo, chiberekero ndi matumbo aakulu imakalowa malo amodzimodzi mumsana. Chimodzi chikanyanyuka chimanyanyula chinzake, ndiye munthu akadzimbidwa kapena akayandikira kusamba, chikhodzodzonso chimabuka. Mukamufunsa pamene pakuwawa saloza ndi chala. Amayendetsa chikhatho chonse m'munsi mwa mimba, kuzungulira mpaka kumsana.

Mu 2000, ofufuza a ku yunivesite ya Iowa anapatsa odwala vutoli ntchito yosautsa maganizo ali m'labu, ndipo ululu ndi kufuna kukodza zinakwera nthawi yomweyo, pamene kwa anthu abwinobwino sizinatero. Choncho sindidabwa mlimi akanena kuti ululu umamukulira mabelo ake a fodya ali ku okishoni ku Chinkhoma asanadziwe mtengo, kapena tenanti akamadikira malipiro a chaka chonse, kapena wa m'midzi ya m'mbali mwa paki ya nyama ya Kasungu, monga kwa Chulu, kumene anthu akhala akuchezera kulondera chimanga chifikireni njovu 263 zochokera ku Liwonde mu 2022. Nkhawa si ndiyo imayambitsa vutoli kwa aliyense. Ena linayamba ndi tizilombo tenitenti, ena ndi uchembere wovuta kapena opaleshoni. Koma pafupifupi kwa onse, nkhawa ndi kusagona zimalikolezera.

Choyamba, yezetsani, makamaka likodzo

Palibe njira imene tingaiyeze pa sikelo musanatsimikize kuti si matenda ena, ndipo kwathu kuno woyamba kumuganizira ndi likodzo. Aliyense wochapa, wosamba, wowedza kapena wothirira dimba ndi madzi a m'madambo, mu Bua, mu Dwangwa ndi m'timitsinje tothiramo, akhoza kulitenga. Nyongolotsi yake, Schistosoma haematobium, imaikira mazira m'khoma la chikhodzodzo, ndipo munthu wamkulu sakodza magazi ooneka nthawi zonse ngati ana. Kwa amayi mazirawo amafika mpaka ku khomo la chiberekero, n'kubweretsa ululu pogonana ndi ukazi wachilendo, zofanana kwambiri ndi matenda opatsirana pogonana. Mkodzo wokayezetsa likodzo utengedwe pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, ndipo madontho omalizira asatayike. Mankhwala ake ndi praziquantel, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, kumwa kamodzi mutadya. Ana amalandira kusukulu, akuluakulu ndiye amaphonya, chonsecho likodzo la zaka zambiri limatha kubala khansa ya chikhodzodzo.

Pemphaninso kuyezedwa shuga ndi matenda opatsirana pogonana. Amayi ayezetse khomo la chiberekero, ndipo anene ngati msambo umawawa mpaka kugoneka, chifukwa endometriosis, matenda amene minofu yofanana ndi ya m'kati mwa chiberekero imamera kunja kwake, imabisala kuseri kwa ululu woterewu. Abambo opitirira zaka 50 aunikidwe prostate, kachiwalo kokhala pansi pa chikhodzodzo. TB imathanso kugwira njira ya mkodzo. Pachipatala chaching'ono amaviika kapepala mumkodzo. Za maikulosikopu kafunseni kuchipatala chachikulu cha boma pa Kasungu, ku St Andrew's ku Mtunthama kapena ku Nkhamenya. Ndipo ngati mwaona magazi mumkodzo, thupi likutentha uku m'mbali mwa msana mukuwawa, mukuonda, mkodzo watsekeka, kapena ndinu woyembekezera, musadikire kumaliza kuwerenga izi. Pitani lero.

Maantibayotiki obwerezabwereza

Iyi ndiye njira imene ambiri akuyenda, ndipo pa njira zonse ndi yoipitsitsa. Ngati mumkodzo mwapezeka mabakiteriya, imwani mankhwala onse mpaka kumaliza, palibe mtsutso. Koma ngati ayeza kawiri katatu osapeza kanthu, cipro wogula pagolosale alibe choti aphe. Anthu amaukhulupirira chifukwa ululuwu umakwera ndi kutsika wokha. Munthu amagula mankhwala tsiku limene wavutikitsitsa, pakapita masiku ululu umatsika monga ukanatsikira ngakhale osamwa, iye n'kuyamika kapisozi.

Mtengo wake si wa m'thumba wokha. Mankhwalawa amapha mabakiteriya abwino a m'matumbo ndi a kumaliseche, ndiye kutsegula m'mimba ndi mauka zimabwera kudzawonjezera kutentha komwe kuja. Amaphunzitsanso tizilombo kupirira. Kafukufuku wa magazi a odwala pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anapeza kuti pofika 2016, pafupifupi mmodzi mwa atatu mwa mabakiteriya a E. coli, amene amagwira njira ya mkodzo kawirikawiri, sankamvanso mankhwala a gulu la cipro, pamene mu 2003 osamvawo anali osakwana 3 pa 100. Tsiku limene impso zidzagwidwe zenizeni, mankhwala mudzawapeza atatha mphamvu.

Palinso mtengo wina umene sutchulidwa. Mayi akapatsidwa mankhwala a matenda opatsirana pogonana, amapatsidwanso kapepala koitana mwamuna. "Bambo, achipatala akuti nanunso mubwere." "Ndibwere ine? Matendawo mwawatenga kuti?" Ulendo woyamba kapepalako n'kofunika ndithu. Koma kakabwera kachitatu pa matenda amene palibe, pakhomo pamalowa kukayikirana, tulo timasowa, ndipo ululu umene amafuna kuuthetsa umakulirakulira. Apa ndisamveke molakwika: amene akumwa Bactrim tsiku ndi tsiku pamodzi ndi ma ARV asasiye, imeneyo ndi nkhani ina.

Panado ndi Brufen, kapena amitriptyline?

Panado ndi wofatsa, amathandizako tsiku loipa, koma pa ululu wa mitsempha yonyanyuka mphamvu yake ndi yochepa. Brufen, Indocid ndi diclofenac amathandiza ngati ululu ukuyenda ndi msambo, masiku ochepa. Kuwamwa miyezi kumabweretsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso, makamaka kwa a BP ndi a shuga, ndiponso kwa wolima padzuwa osamwa madzi okwanira. Tramadol ndi morphine zili ndi malo ake pa khansa ndi pa opaleshoni, koma apa ayi: zimadzimbitsa, thupi limazizolowera, ndipo kuzimwa nthawi yaitali kumatha kupangitsa mitsempha kumva ululu kwambiri kuposa kale.

Amitriptyline amagwira ntchito mosiyana ndi onsewa. Amachulukitsa serotonin ndi noradrenaline pa njira ija yotsitsira uthenga wa ululu, amatchinga histamine, amakhazika chikhodzodzo pansi, ndipo amagoneka tulo. Ndi mankhwala akalekale, otsika mtengo, ndipo ali pamndandanda wa mankhwala ofunikira wa WHO. Ambiri amawaopa akamva kuti amaperekedwanso kwa odwala maganizo. Mlingo woperekedwa pa ululu ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa matenda okhumudwa: amayambira mamiligalamu 10, kapena theka la piritsi la 25 monga adokotala angauzire, kumwa madzulo, n'kumakweza pang'onopang'ono.

Tisawakometsere mopitirira. Pa kafukufuku wamkulu wa ku America wa mu 2010, wa odwala 271, omwa amitriptyline anapezako bwino 55 pa 100, ndipo omwa piritsi lopanda mankhwala 45 pa 100, kusiyana kosakwanira kuti ofufuza atsimikize. Amene anakwanitsa kufika mamiligalamu 50 ndiwo anasiyana moonekera, 66 pa 100. Chimene chimandigwira mtima pa kafukufukuyu ndi 45 ija. Magulu onse awiri anaphunzitsidwa za matenda awo, za zakudya, za madzi ndi za kuchepetsa nkhawa, ndipo pafupifupi theka anapezako bwino popanda mankhwala enieni. Kwa a m'matumbo umboni ndi wolimbirapo: kafukufuku wa ku England wa mu 2023, wa anthu 463 odwala IBS, anapeza kuti mamiligalamu 10 mpaka 30 amathandiza kuposa piritsi lopanda kanthu.

Zovuta zake ndi kuuma kukamwa, kulemera m'maso m'mawa, chizungulire podzuka, kudzimbidwa ndi kunenepa. Sagwira msanga, apatseni milungu 4 mpaka 6, ndipo musasiye mwadzidzidzi. Wodwala mtima, wa khunyu, wa matenda a maso a glaucoma, bambo amene mkodzo umatuluka movutikira, ndi mayi woyembekezera anene kaye kwa adokotala. Osasakaniza ndi mowa kapena tramadol. Akachuluka amapha, choncho asungidwe kutali ndi ana, ndipo amene maganizo odzipha amamubwerera anene poyera asanapatsidwe. Dalaivala kapena wakabaza wodzuka mbandakucha aganizirenso za tulo take. Ngakhale zili choncho, pa mankhwala onse amene munthu wa ku Santhe kapena ku Chamama angawapeze osagulitsa mbuzi, awa ndiwo ndingati mukakambirane ndi adokotala. Akakukanikani, ena amayesa cimetidine kapena hydroxyzine, amene amatchinga histamine, ngakhale umboni wawo ndi wochepa.

Zakudya, madzi ndi kope

Njira iyi sichiza, koma imachepetsa masiku oipa, ndipo imangofuna kope la mwana ndi bolopeni. Kwa masiku 3 lembani nthawi iliyonse imene mwakodza, kuchuluka kwake mutayeza m'botolo lodula, zimene mwadya ndi kumwa, mmene munagonera, ndi chimene chinakusautsani tsikulo. Anthu ambiri amadzidzimuka akaona okha kuti tsiku loipa limatsatira usiku wa mkangano.

Zimene zimanyanyula ambiri ndi tiyi, khofi, zakumwa za gasi, mowa wa mtundu uliwonse, tsabola, malalanje, mandimu, chinanazi ndi tomato. Za tomato n'zovuta, chifukwa ndiwo zathu zimayambira pomwepo. Yesani kutendera kwa milungu iwiri muone. Siyani zonsezi milungu iwiri, kenako bwezerani chimodzichimodzi, patapita masiku atatu china. Chimene sichikukupwetekani idyani. Ndimakana kuti munthu azisala chilichonse mpaka kuonda chifukwa cha mndandanda wa pa WhatsApp. Amene matumbo amavuta aonenso nyemba, anyezi ndi mkaka.

Cholakwika chofala ndi kuchepetsa madzi poopa kukodza. Mkodzo umasanduka wofiirira ndi wolusa, n'kumawotcha kwambiri. Imwani pang'onopang'ono tsiku lonse, lita imodzi ndi theka mpaka awiri, kuposa apo mu Okutobala, n'kuchepetsa madzulo. Kudzimbidwa kuthetseni ndi mgaiwa, masamba ndi papaya. Ululu ukatsikako, yambani kutalikitsa nthawi yokodza ndi mphindi 10 kapena 15 pa mlungu, osadzikakamiza mpaka kulira.

Minofu ya pansi pa chiuno

Munthu amene wakhala akugwira mkodzo ndi kupirira ululu chaka chonse, minofu yotchinga pansi pa chiuno imakhala yokungika usana ndi usiku, mpaka nayonso imayamba kuwawa. Apa ndi pamene pali umboni wabwino koposa. Mu 2012, pa kafukufuku wa amayi 81 ku America amene minofuyi inkawawa ikakhudzidwa, 59 pa 100 anapezako bwino atamasulidwa minofu ndi afiziyo, akatswiri owongola minofu ndi ziwalo, ophunzira ntchitoyi, poyerekeza ndi 26 pa 100 mwa amene anangosisitidwa thupi lonse. Vuto ndi kupeza waluso lakelo. Funsani kwa afiziyo kuchipatala cha boma, koma dziwani kuti ophunzira za m'chiuno ndi ochepa m'dziko muno.

Chenjezo limodzi: masewera okunga minofu amene amayi ena anaphunzitsidwa atabereka ndi a mkodzo wothawa. Pa vuto ili amawonjezera ululu. Chofunika ndi kumasula. Gonani chagada pamphasa, mawondo opinda, dzanja pamchombo. Kokani mpweya mpaka mimba itukuke mukuwerenga kufika 4, tulutsani pang'onopang'ono kufika 6, uku mukulekerera pansi pa chiuno ngati mukufuna kuyamba kukodza. Mphindi 10, m'mawa ndi pogona. Kupuma kotereku kumatsitsanso kugunda kwa mtima. Botolo la madzi ofunda lokulunga m'chitenje, kuliika pachinena, limathandiza usiku woipa. Wosankha fodya m'chigafa, amene amakhala pansi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, azidzuka kuwongola miyendo ola lililonse. Wakabaza amene pakati pa miyendo pamachita dzanzi kapena kuwawa asinthe chishalo, chifukwa chimadinda mtsempha wodutsa pamenepo. Abambo 9 mwa 10 amene amauzidwa kuti ali ndi prostatitis yosatha, kapena kuti kutupa kwa prostate, sapezeka ndi mabakiteriya.

Kukhala pansi ndi munthu, kupemphera, kupita kwa asing'anga

Kuuza munthu wa ngongole kuti "musamade nkhawa" n'kumunyoza. Ngongoleyo ilipodi. Chimene chimathandiza ndi kusandutsa mulu wa mavuto kukhala zinthu zogwirika. Ku Harare, Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, pamene agogo ophunzitsidwa amakhala pabenchi ndi munthu, kumumvetsera, kumuthandiza kutchula mavuto ake, kusankhapo limodzi, n'kupangana chochita mlungu umenewo. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2016 zinaonetsa kuti kukhumudwa ndi nkhawa zinatsika kwambiri. Kafukufukuyo sanali wa chikhodzodzo, koma kwa odwala IBS uphungu wosintha kaganizidwe, umene amati CBT, unayesedwa kambirimbiri ndipo umachepetsa ululu. Kuchipatala cha boma funsani namwino kapena dokotala woona za maganizo. Ku Lilongwe ndi ku Mzuzu kuli a St John of God. Kupita kumeneko si kuvomera misala, ndi kukafuna thandizo pa serotonin ndi cortisol zomwe zija.

Njirayi ndi yochedwa, imafuna maulendo angapo, ndipo amene akuyembekezera kuchira mlungu umodzi adzakhumudwa. Ubwino wake ndi wakuti zimene waphunzira umakhala nazo, pamene mphamvu ya piritsi imatha ukasiya kumwa. Mbali ina ya uphunguwu ndi kuthana ndi mantha a ululu weniweniwo. Munthu akakhulupirira kuti ali ndi khansa imene madokotala akumubisira, kuwawa kulikonse kumadzutsa CRH. Akayezedwa bwino n'kufotokozeredwa modekha, ululu womwewo umapiririka.

Za mapemphero ndilankhula mwaulemu, chifukwa ndaona zikuthandiza. Mayi amene amayi a Chigwirizano kapena a Umanyano amamuyendera, amene kumphakati amamufunsa kuti wadzuka bwanji, amene amaimba kwaya Loweruka, sasenza yekha, ndipo thupi lake limadziwa zimenezo. Chimene ndimakana ndi kusala kudya osamwa madzi, kuchezera usiku ndi usiku, kuuzidwa kutaya mankhwala, ndi kumuuza wodwala kuti sakuchira chifukwa chikhulupiriro chake n'chochepa. Zimenezo n'kumuwonjezera katundu.

Kwa asing'anga anthu amapezako chimene pamzere wa kuchipatala chimasowa: munthu wokhala nawe pansi, wofunsa za pakhomo, wosathamangira wotsatira. Kumvetseredwa kumeneko kumatsitsadi ululu kwa masiku. Koma yezani mbali inayo. Mukauzidwa kuti ululuwu anakutcherani ndi apongozi kapena mkazi mnzanu, mumabwerako ndi mantha aakulu kuposa amene munapita nawo, ndipo mdaniyo mukumuona tsiku lililonse pamjigo. Mankhwala a m'botolo alibe mlingo wodziwika, ena amawononga impso ndi chiwindi, ndipo zoika kumaliseche zimasupula khungu limene likuwawa kale. Ngati mwamwa zoterezi, auzeni adokotala mosabisa.

Pali nkhani imene sindingaidumphe. Kafukufuku wambiri wapeza kuti ululu wosatha wa m'chiuno umapezeka kwambiri mwa anthu amene anachitidwapo nkhanza, kumenyedwa kapena kugwiriridwa, ngakhale zitachitika ali ana. Si onse odwala vutoli amene zinawaonekera. Koma ngati zikukuchitikirani panopa, palibe piritsi limene lingakhazike thupi pansi mukugona ndi mantha. Kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit, ndipo kuchipatala mungapemphe kulankhula ndi namwino panokha. Kwa abambo amene akazi awo akudwala chonchi: akati kugonana kukuwawa, kukuwawadi, si kuti ali ndi wina. Kukakamiza kumakungitsa minofu ija, ululu n'kukhala masiku awiri atatu.

Ulendo wa ku Lilongwe

Kuchoka pa Kasungu kufika ku Kamuzu Central ndi makilomita pafupifupi 130, ndipo ndi thiransipoti, chakudya ndi pogona, ulendowu umadya ndalama ya thumba la chimanga kapena kuposa. Si aliyense woyenera kuuyamba. Chimene madokotala a njira ya mkodzo angachite chimene kuno sichitheka ndi kulowetsa kakamera m'chikhodzodzo. Kameneka kamaonetsa chotupa, mwala, zipsera za likodzo, ndi zilonda zofiira zimene Guy Hunner wa ku Baltimore anazifotokoza mu 1915. Zilondazi zimapezeka mwa odwala ochepa, mwina mmodzi pa 10, makamaka achikulire, koma amene ali nazo matenda awo ndi a khoma la chikhodzodzo lenilenilo, ndipo kuziwotcha kapena kuzibaya mankhwala kumawathandiza kwambiri. Choncho ulendowu ndi wa amene m'mkodzo mukupezeka magazi ngakhale atamwa praziquantel, wopitirira zaka 50 amene vutoli langomuyamba, wosuta fodya, amene kope lake likuonetsa kuti nthawi zonse amakodza tochepa kwambiri ngakhale podzuka, ndi amene wayesa mokhulupirika njira zili pamwambazi miyezi 3 mpaka 6 osasintha. Tengani kalata yokutumizani, ndipo funsani tsiku la kiliniki musanakwere basi.

Kunja kuli njira zina monga kuthira mankhwala m'chikhodzodzo kudzera m'kapaipi ndi kubaya Botox, mankhwala ofooketsa minofu ya chikhodzodzo. Zimapumitsa miyezi, zimafuna kubwereza, ndipo n'zodula. Ena amatuma achibale a ku Johannesburg kuti awagulire pentosan, wodziwika ndi dzina la Elmiron, amene anavomerezedwa ku America mu 1996. Ndingati sungani ndalamazo. Kafukufuku wina anapeza kuti amathandiza, wina ayi, ndipo kuyambira 2018 madokotala a maso akhala akupeza kuwonongeka kwa m'kati mwa diso mwa omwa zaka zambiri, mpaka mu 2020 chenjezo linalembedwa papepala la mankhwalawo. Womwa amafunika kuunikidwa maso pafupipafupi ndi makina amene kuno n'ngosowa.

Amayi ena akatopa amapempha okha kuti awachotse chiberekero. Ngati muli zotupa zikuluzikulu kapena matenda ena ooneka, opaleshoni ili ndi chifukwa chake. Koma ngati gwero la ululu ndi chikhodzodzo, minofu ndi mitsempha yonyanyuka, chiberekero chimachoka ululu n'kutsala, nthawi zina n'kuwonjezekera ndi chipsera. Musanasaine pepala, funsani adokotala kuti apeza chiyani m'chiberekeromo, ndiponso ngati anadindako chikhodzodzo ndi minofu ya pansi pa chiuno kuti aone pamene ululu wanu weniweni ukudzukira.